Mpheta Yasowa Potera

Aliyense wa mu msewu wathu amene analerapo mwana amawadziwa Mayi Fusae a pa shopu ya tofu ya a Yasukawa, chifukwa mwana akangoyamba kulawa zakudya, kumeneko n'kumene umathamangira ndi kabakuli kukagula tofu wofewa uja, chakudya choyera chopangidwa ndi soya. Masiku ano akula, ntchito anamusiyira mwana wawo Noboru, iwo amangokhala pakampando pafupi ndi khomo n'kumaseka ndi ana a eni ake. Ndi owerengeka okha amene akudziwa kuti manja ofiira amenewa anagwira burashi zaka zambiri kwa mphunzitsi wa dzina, ndiponso kuti chaka china anatsala pang'ono kuthamangitsidwako chifukwa cha mbalame. Nthawi imeneyo anali Fusae chabe, mayi wa ana awiri, wamng'ono akadali kumsana.

Anabadwira kumudzi wa asodzi ku Tango, m'nyumba ya ana ambiri ndi mpunga wochepa. Sukulu anailekera panjira, ndipo atangosinkhuka anamutumiza kuno ku Kyoto kukagwira ntchito kwa opaka utoto pansalu za kimono, mikanjo yachikhalidwe ija. Wina ankajambula maluwa, iye n'kumadzaza utoto m'duwa lililonse osadumpha mzere. Ntchitoyo ankaitha. Chimene sankatha ndi kugwira phwete. Fusae anabadwa ndi kuseka kosasankha malo. Abwana akamakalipa, kaya wansembe akamawerenga mapemphero a maliro, iye m'mimba munkayamba kutekeseka, mapewa n'kuyamba kugwedera, basi zatha. Tsiku limene anamuonetsa Kihachi, mnyamata wa tofu, kuti aonane ngati angamange banja, Kihachiyo anagwada nthawi yaitali mpaka miyendo inachita dzanzi. Poti aimirire kuti atsanzike, anagwera pachitseko cha pepala, mutu n'kutulukira kuseri. Akuluakulu onse anayang'ana pansi ngati sanaone kanthu. Fusae anaseka mpaka kugona chammbali. Azakhali ake anabwerera kunyumba akulira kuti banja lapita, koma m'mawa mwake kunabwera mawu akuti mnyamatayo akufuna yemwe uja, woseka uja.

Moyo wa tofu ndi wa madzi ozizira. Kunyika soya, kupera, kuwiritsa, kufinya, kudula, kenako kumiza zidutswazo m'thanki ya madzi a pachitsime n'kumazivuula ndi manja tsiku lonse. Kihachi ankazungulira misewu ndi njinga akuliza kalipenga, Fusae n'kumapereka kumakomo a kuseri a nyumba zikuluzikulu. Imodzi mwa nyumbazo inali ya a Mizobuchi, wojambula wotchuka amene anali ndi gulu lake la ophunzira.

Chaka china nsalu yolenjekeka pakhomo la shopu inang'ambika. Fusae anadula nsalu yoyera, natenga utoto umene anatsala nawo kuntchito yake yakale, n'kujambulapo tsinde la soya ndi nyemba zake zaubweya. Mayi Mizobuchi akuchokera kumsika anaima pansaluyo, anafunsa mwini dzanja, n'kupita. Patapita masiku Fusae anangopezeka atagwada m'chipinda chachikulu cha a Mizobuchi, Kihachi ali pambali pake mu suti ya paukwati imene inali itayamba kumuthina, bokosi la maswiti atalikankhira kutsogolo. Aphunzitsiwo anali munthu wamfupi wa nsidze ngati tsache. Sanamuyang'ane kumaso, anangoyang'ana manja, n'kugwedeza mutu. Tsiku lomwelo kathabwa kolembedwa dzina la Fusae kanakolekedwa pamsomali polowera, kumapeto kwenikweni kwa mzere wa timatabwa ta ophunzira.

Anzakewo anali ana a ogulitsa nsalu, anyamata a ku yunivesite, akazi a madokotala. Poyamba ankanunkhiza mphuno kuti m'chipinda mwalowa fungo la soya. Koma zaka zoyamba wophunzira sajambula, amapera miyala ya utoto, kusungunula guluu ndi kukanda ufa woyera wa zigoba, ndipo pa zimenezi Fusae panalibe womufika. Ufa umene akazi a madokotala ankaukanda ndi nsonga za zala akuusa moyo, iye ankaumenya pambale phaa phaa ngati akukonza zitumbuwa za ana. Pasanathe chaka aliyense ankafuna kukhala pafupi naye kuti apempheko woyera wake. Aphunzitsi sankafotokoza zambiri. Ankangodutsa kumbuyo kwako, n'kuloza ndi chala, kapena kutsokomola. Koma tsiku lina anaika dzira, mpunga ndi pepala patsogolo pa Fusae, n'kumufunsa kuti choyera n'chiti. Fusae anabwerera kunyumba akupenyetsetsa makoma, matewera, mano a Kihachi, mpaka anapitirira khomo lake lomwe.

Chaka chilichonse, chionetsero chachikulu cha mumzinda chisanafike, pankakhala tsiku loika dzanja. Ophunzira ankabweretsa zithunzi zawo zomaliza kuti aphunzitsi atenge burashi akonzepo. Kukhudzidwa ndi burashi ya aphunzitsi unali ulemu waukulu, ndipo munthu ankathokoza mphumi uli pamkeka. Akuti ali anyamata, a Mizobuchi ankakonza zenizeni, apa kuwongola phewa, apo kuzamitsa mtambo. Koma ukalamba utabwera, dzanja linayamba kunjenjemera pamizere yaitali, n'kutsala ndi chinthu chimodzi chimene linkachita lokha ngakhale mwini wake atatsinzina: mpheta. Ndi mpheta zomwezi zimene zinawapatsa dzina ali mnyamata. Choncho kuika dzanja kunasanduka kuika mpheta.

Ukajambula phiri, mpheta pathanthwe. Ukajambula belu la kukachisi, mpheta pachingwe. Bambo wina anajambula malemu mayi ake atavala za maliro, mpheta inawatera paphewa ikuyang'ana cham'mbali ngati yamva nkhani. Wina wochenjera anajambula chimphaka chili maso tong'o, poganiza kuti mbalame iopa. Inatera pamchira. Ophunzira akatuluka panja ankafunsana kuti, yanu yatera pati chaka chino, yanga ndiye yanenepa, ikuoneka kuti yadya bwino kwa aphunzitsi. Koma ankaikonda, chifukwa osankha zithunzi kuchionetsero akaona kambalameko ankadziwa kuti uyu ndi wa ndani, ndipo chithunzi cha mpheta sichinkabwezedwa.

Fusae ataloledwa kujambula cha kuchionetsero, anajambula manja a apongozi ake akusankha soya palichero. Anatha nyengo yonse yotentha pamakwinya a manjawo. Pa tsiku loika dzanja mpheta inatera pamkombero wa lichero, mlomo uli pafupi ndi soya. Fusae analira ndi chimwemwe, ndipo popita kunyumba sankamva pansi. Chithunzicho chinatengedwa. Anatseka shopu theka la tsiku, banja lonse linapita kukaona, iye n'kubisala kuseri kwa nsanamira kuti amve zimene anthu azinena. Aliyense amene anaima anati taonani kampheta, mwinanso kuweramira kuti akaone bwino, n'kupitirira. Manja a apongozi panalibe anawatchula. Kenako kunabwera Kihachi, chipewa chili m'manja, maso ali ndi misozi.

"Koma Fusae, mbalameyi ndiye waitha. Ikuchita ngati iuluka pompano. Sindinkadziwa kuti ndinakwatira munthu wotere."

Fusae anaseka mpaka mlonda wa m'holomo anabwera kudzamupempha kuti atulukeko kaye. Koma madzulo akuchapa matewera kusekako kunali kutatha. Chaka chotsatira zinali chimodzimodzi, chinacho chimodzimodzinso. Ndiye anayamba kufuna chinthu chimodzi: chithunzi chimodzi chokha, ngakhale chikhale chonyansa, chimene chipite kuchionetsero chili chake kuyambira ngodya iyi mpaka iyo.

Anafunsa mozungulira kwa a Kuze, mkulu wa ophunzira, bambo wamtali woonda amene anakalambira kunyamula mbale ya inki kumbuyo kwa aphunzitsi. Anati kodi zinachitikapo kuti munthu anapempha kuti chake chisakhudzidwe? A Kuze anayamba ayang'ana kukhomo. Anati zinachitika kamodzi. Mnyamata wina anatambasula mkono pamwamba pa chithunzi chake n'kunena mwaulemu kuti chonde chisiyeni. M'mawa mwake kathabwa ka dzina lake kanachotsedwa pamsomali, kanakulungidwa m'nsalu, n'kutumizidwa kwawo. Panalibenso mphunzitsi wina anamulandira, poti wotayidwa ndi mnzako sutola. Akuti pano amagulitsa maambulera ku Osaka.

Fusae maambulera sankawafuna. Aphunzitsi ake ankawakonda, nsidze zawo ndi chifuwa chawo chomwe, ndipo tsiku la phunziro ndi limene linkamunyamulira sabata yonse. Kukana kunali kosatheka. Ndiye anaganiza kuti mbalameyo ikane yokha.

Nkhaniyi anamuuza Kihachi masana ena makasitomala atachepa, atayamba wamuululira kuti mpheta zonse zimene wakhala akuyamikira si za mkazi wake. Kihachi anati n'chifukwa chake zimafanana. Atatero anayamba kuthandiza kufufuza malo amene mpheta singatere. Anati m'ng'anjo. Fusae anati aphunzitsi angoijambula ikuotha moto. Anati m'bafa ya azimayi, Fusae anati mmenemo ndiye aikamo ziwiri. Anati m'neti ya udzudzu, m'kabati, m'kamwa mwa apongozi akuyasamula. Anaseka mpaka Sachie, mwana wa kumsana uja, anadzuka n'kuyamba kulira. Kihachi anapisa manja m'thanki kuti avuule tofu wa madzulo, akupukuta misozi ndi phewa.

"Ine zanga zatha. Kwatsala n'kuimiza m'madzi basi."

Fusae anasiya kugwedeza mwana. Anayang'ana m'thankimo ngati akuionera koyamba: zidutswa zoyera zili phee pansi pa madzi, china chitapendekeka, kuwala kukugwedera pamwamba pake. Anamutsina Kihachi pamkono mpaka anakuwa.

Anamata pepala pathabwa lalikulu ngati chitseko, n'kuligoneka m'chipinda cham'mwamba, banja lonse n'kumagona mopanikizana kukhoma. Ankajambula masana, malonda a m'mawa akatha, Sachie ali kumsana akumukoka tsitsi. Chithunzicho chinali cha munthu woyang'ana m'thanki kuchokera pamwamba. Madzi anadzaza pepala lonse mpaka m'mphepete, popanda mkombero, popanda ndowa, popanda zenera, popanda ngakhale katsamba koyandama. M'katimo tofu, aliyense ndi kuyera kwakekwake, ndipo kuchokera m'munsi manja awiri ofiira akulowa kuti anyamule mmodzi. Woyerayo anamupaka kambirimbiri, kudikira aume, kupakanso, mpaka anatupa ngati weniweni. Tsiku lina anapeza Noboru atagwada pambali ndi supuni, ndipo m'malo momukalipira anamunyamula n'kuvina naye chipinda chonse. Akaganiza za nkhope ya a Kuze ankaseka yekha pamakwerero. Akaganiza za msomali wopanda kathabwa, chakudya chinkamukanika.

Pa tsiku loika dzanja anakweza chithunzicho pangolo yokankha, atachifunditsa nsalu. Kihachi ankakoka, Fusae akugwirizira kumbuyo. Atafika pamphambano, Kihachi mwa chizolowezi anatulutsa kalipenga m'thumba n'kuliza. Azimayi anatuluka m'makomo ndi mabakuli. Fusae anafotokoza kuti lero ndi wa papepala, wina anati ngati ndi wotsika mtengo amudulireko. Anafika kukachisi kumene gulu linkabwereka holo akupuma mwa befu, maso ali ofiira ndi kuseka, ndipo a Kuze anamuyang'ana kamodzi n'kumuuza kuti akasambe kumaso.

Zithunzi zinayalidwa pamikeka mozungulira holo, mwini wake aliyense atagwada pambali. A Mizobuchi analowa, a Kuze akuwatsatira ndi mbale ya inki. Kwa mkazi wa dokotala amene anajambula maluwa, mpheta panthambi. Kwa mnyamata wa ku yunivesite amene anajambula fakitale ya utsi kuti aoneke wamakono, mpheta pawaya. Mitu inkagwa pamkeka motsatizana ngati mpunga wokhwima. Pofika pa Fusae aphunzitsi anali ataviika kale burashi, osayang'ana n'komwe.

Anaweramira pachithunzicho. Burashi inapita kumanzere, inabwerera. Inakwera kumtunda, inatsika. Inazungulirazungulira ngati mbalame imene yapeza mtengo wake utadulidwa. Kunsonga kwake kunayamba kutupa dontho la inki, ndipo a Kuze, poona kuti ligwera pa tofu woyera, anatchera chikhatho pansi pake n'kumatsatira burashiyo uku ndi uku ali chiweramire ngati wopemphetsa pamlatho.

"Mkombero wa thankiyi uli kuti?" anafunsa aphunzitsi.

"Sunakwane papepala, Aphunzitsi."

"Mpopi?"

"Timatunga pachitsime, Aphunzitsi."

Nsidze zija zinakumana pakati.

"Nanga mbalame yanga itera pati?"

Fusae anali atakonzekera mawu opepesa kwa masabata, aatali, aulemu, ndipo anawayeserera pamaso pa Kihachi mpaka kuwaloweza. Koma nthawi yomweyo dontho lija linagwa, tho, pakati penipeni pa chikhatho cha a Kuze, ndipo a Kuze analiyang'ana ngati awapatsa mphatso imene sakudziwa poika. Fusae anamva mdani wake wakale akudzuka m'mimba. Analuma mlomo. Anakanikiza mphumi pamkeka. Mapewa anayamba kugwedera, ena n'kuganiza kuti akulira, mkazi wa dokotala mpaka anatulutsa kansalu. Kenako kuchokera pansipo kunatuluka kamawu kowonda.

"Ingamire, Aphunzitsi."

Phwete linaphulika. Holo ya kachisi imakuza mawu, ndipo kuseka kwa Fusae kunagunda denga n'kubwerera. Panalibe wina anaseka naye. Mnyamata wa fakitale anadziluma mkono wa malaya, ena anayang'ana pansi ngati ataya singano. A Mizobuchi anawongoka pang'onopang'ono. Anapita pa chithunzi chotsatira, cha phiri, n'kuikapo mpheta zitatu mofulumira ngati munthu wotula katundu. Atamaliza onse anatuluka osamwa tiyi.

A Kuze anamupeza akuvala nsapato. Chikhatho chawo chinali chikadali chakuda. Anati Mayi Yasukawa, mwatipha tonse. Kenako mtima unawagwira, anamuuza chochita: apite ndi maswiti akapepese, ndipo akajambule mkombero pangodya imodzi, ngakhale wopyapyala ngati chala, iwo akagwada kwa aphunzitsi kuti abwere adzaikepo mbalame tsiku lopereka zithunzi lisanafike. Akatero nkhani itha, aliyense aiwala.

Maswiti anapita nawo, kukhomo la kuseri, poti lakutsogolo analibe nalo mtima. Mayi Mizobuchi analandira bokosilo n'kunena kuti bambo agona. Sanati uzibwera kuphunziro, sanatinso usabwere. Fusae akutembenuka, mayiwo anamuitana n'kumuuza kuti azibweretsa tofu tsiku lililonse, chifukwa bambo ayamba kumufuna pachakudya chilichonse, m'mbale ya madzi, koma sakudya, akungomuyang'ana mpaka asase. Fusae anayenda njira yonse akusinkhasinkha ngati zimenezi n'zabwino kapena ndiye zoipitsitsa.

Kunyumba anasakaniza utoto wa mtundu wa thabwa, anagoneka Sachie, anagwada pangodya ya chithunzicho. Burashi inali m'mwamba, mkombero utatsala pang'ono kubadwa. Kihachi anasuzumira pamakwerero, mutu wokha.

"Ukaika mkomberowo uwazeponso timpunga, mlendoyo asagone ndi njala."

Fusae anamuponyera chiguduli. Koma atasiya kuseka anapeza kuti burashi waiika kale pansi. Anaitsuka, utoto uja anautaya kuseri. Chithunzicho chinapita kuchionetsero mmene chinalili. Kuphunziro sanapiteko, poti panalibe anamuitana, ndipo ankaopa kukapeza msomali uli wokha.

Osankha zithunzi sanachitenge. Onse a mpheta analowa, wa mpheta zitatu uja mpaka anamupatsa malo abwino pafupi ndi khomo. Zokanidwa zimakatengedwa kukhomo la kuseri kwa holo, kumene anthu amabisana nkhope ngati kuchipatala cha matenda a manyazi. Fusae ankayembekeza kuti alira. Koma ali m'njira, kumbuyo kwa ngolo, ankangovundukula nsalu n'kusuzumira. Chala ichi chinapindika molakwika, chake. Ngodya iyi inada, yake. Panalibe kadontho ka munthu wina. Anayamba kumva mutu kupepuka ngati wamwa mowa wa pachaka chatsopano, n'kuyamba kuimba nyimbo za asodzi a kwawo pakati pa msewu. Kihachi anati chibadwire sanaonepo munthu wolephera mokondwa chonchi, anthu aziganiza kuti tapambana. Koma akafika pamsewu wokhotera kwa a Mizobuchi, nyimbo inkazima yokha.

M'mwamba munalibe malo, choncho anachikhoma m'shopu, pamwamba pa thanki. Makasitomala anapeza poyambira. Ankati tipatseni wa pakhomayo, wa m'madziyu wachepa. Ena ankati manjawo ndi a Kihachi kapena a nkhanu. Masamba anafiira, anayoyoka. Tofu ankapitabe kwa a Mizobuchi tsiku ndi tsiku, mawu osabwera.

M'mawa wina, chisanu chitayera pamadenga, mzere wa azimayi unali pakhomo monga mwa masiku onse, aliyense atapinda manja m'zovala. Fusae anavuula tofu, anadzutsa mutu kuti aone wotsatira, n'kuona nsidze. A Mizobuchi anali pamzere, pakati pa antchito a m'nyumba ndi azimayi obereka ana, atavala chikhoti chakuda, atagwira bakuli ndi manja awiri ngati akupita nalo kuguwa. Munthu ameneyu chibadwire anali asanagulepo ngakhale mpiru. Azimayi anapatuka kuti adutse, iwo anakana ndi mutu, anadikira nthawi yawo. Atafika kutsogolo sanayang'ane Fusae. Anayang'ana kukhoma.

Anayang'ana nthawi yaitali. Mzere unakula mpaka kukhota, wina kumbuyo anafunsa ngati tofu watha. Kihachi ananong'oneza kuti kodi abweretse tiyi kapena mpando kapena athawe. Fusae anaiwala kuti manja ake ali m'madzi. Kenako aphunzitsi anaika bakuli pansi, anapinda mkono wa chikhoti, n'kupisa dzanja m'thanki mpaka m'chigongono. Analitulutsa msangamsanga akukoka mpweya m'mano.

"Iwe, madzi amenewa ndi amene wajambula apawa?"

"Omwewa, Aphunzitsi."

"Bodza. Ako apawa ndi ofunda. Munthu akhoza kusambitsiramo khanda."

Fusae anatembenuka n'kuyang'ana chithunzi chake. Zinali zoona. M'kubiriwira kwa madziwo anali atathiramo kachikasu pang'ono, kosaoneka, ndipo kanawafewetsa onse. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ankapisa manja akulakalaka madziwo akanafunda, ndiye dzanja linajambula zolakalakazo. Manja anawafiiritsa bwino, koma panalibe chowaluma.

Aphunzitsi anapukuta mkono pachikhoti. Anati osankha aja sanalakwe kuchibweza, ngakhale kuti chifukwa chake sakuchidziwa. Anati iwo ayang'ana tofu m'mbale mpaka mayi akunyumba ayamba kuwaopa, ndipo aona kuti woyerayo wautha, pamenepo alibe chonena. Chatsala ndi madzi. Anali mawu ambiri kuposa onse amene anamuuzapo chilowereni m'gulu lawo, ndipo anawanena pamaso pa msewu wonse, mphuno ikuchucha ndi chisanu.

"Sabata yamawa ubwere ndi pepala latsopano. Ndili ndi mwala wina wa utoto umene ukaupera umaluma ngati madzi akowa. Burashi ugwira wekha. Ine za m'madzi sindizitha."

Fusae anafuna kugwada, koma pansi panali ponyowa ndipo Sachie anali kumsana. Anafuna kuthokoza, koma m'mimba munali mutayamba kale. Anagwira mkombero wa thanki, mapewa akugwedera, misozi ikugwera m'madzi a malonda. Aphunzitsi anatola bakuli lawo n'kulitambasula.

"Ukamaliza undipatse mmodzi. Lero ndidya."

Kihachi ndiye anawapatsa, poti mkazi wake sakanatha. A Mizobuchi anatuluka pang'onopang'ono, bakuli lili patsogolo, madzi akukhavukira pamasokosi awo oyera, azimayi akuwaweramira mbali zonse. Wotsatira pamzere anafunsa ngati tofu amene wakhudzana ndi dzanja la munthu wamkulu chonchi akwera mtengo. Tsiku la phunziro Fusae anafika chipata chisanatsegulidwe, pepala atalikulunga m'khwapa, mwana kumsana, n'kudikira panja akupondaponda chifukwa cha chisanu.